Mafuta pa Dziwe la ku Bundabunda

Tandiuzani inu: chimagona pamadzi koma sichinyowa, chilibe mano koma chimapha ng'ombe. Mwalephera? Ndi mafuta a galimoto.

Ine ndidawaona mu 1956, mwezi wa Okutobala, lole yopita ku Fort Jameson itagubuduka pamwamba pa dziwe lathu ku Bundabunda. Migolo iwiri ya mafuta idaphulika, mafutawo nkutsikira m'dziwe. Pofika masana madzi adada bii, achule ali gada, thole la a Yotam likutuluka thovu kukamwa. Zitsime zonse zinali zitauma kale. Dziwe limenelo likafa, ifenso basi.

Tidaima m'mbali, ana akulira ludzu kumsana.

"Tikwirire na dothi, tikumbe kwina," adatero a Yotam.

"Kwina kuti?" adafunsa Nelesi, mng'ono wanga. "Tiyengule pamwamba na zipande monga tichitira poyenga nsatsi. Mafuta otsala tikokolole na mitolo ya udzu."

Apo mpamene adatsokomola mlamu wanga Langford, mwamuna wa Nelesiyo, yemwe adakhalako ku migodi miyezi itatu nabwerako ndi chipewa.

"Nsatsi! Azimai inu! Ku migodi tinali kungoyatsa. Moto umanyambita mafuta, madzi nkutsala mbee. Nipaseni machisa."

Udzu wouma unali kuyambira padziwepo mpaka kunkhokwe zathu, mphepo ikuloza komweko. Koma amuna adayamba kugwedeza mitu, poti wanena ndi wa ku migodi.

Ndidatunga madzi akudawo mumphika, nkuuika pamtetete.

"Alamu, ife mbuli tiphunzitseni pang'ono. Yambani apa."

"Aka? Kamwana aka?"

Adayatsa kamtolo ka udzu naviika mumphika. Poyamba zii. Adaweramira kuti aone. Kenaka phuu! Chiutsi chakuda, lawi mpaka m'chipewa. Tonse tidabwerera m'mbuyo, ana nkukuwa, Nelesi akuponda tizimoto tomwe tidagwera pansi.

Alamu adataya chipewa, ndevu zikununkha ngati nkhuku yowaula, liwiro mpaka m'dziwe lomwelo, phava!

"Mayo ine! Kansi umachita tere? Sininaonepo ine!"

"Nanga ku migodi kuja?" ndidafunsa.

"Ninali kusesa mu sitolo!"

Adavuuka ali noninoni, maso okha akuyera. A Yotam, omwe thole lawo linali kufa, adaseka mpaka kukhala pansi.

"Khalani momwemo, atate ake Regina," adatero Nelesi kwa mwamuna wake, akugawira azimai zipande. "Gubudukani kawiri. Mwachotsako kale ambiri."