Ebo, Tseka Chitseko

Alendo akamva ife masapota a timu ya asodzi ya ku Moree tikuimba kuti "Ebo, tseka chitseko!" amayesa ndi nyimbo yolimbikitsa goloboyi. Ine ndinalipo tsiku lomwe inabadwa, ng'oma ili pakati pa miyendo, ndiye ndikuuzeni zoona: inayamba ndi mbuzi.

Ebo anali goloboyi wathu, munthu wabwino koma manja ngati dengu lobooka. Pamasewero awiri okha anamwetsedwa zigoli zisanu ndi zinayi. Mphunzitsi wa timu yathu, Egya Bentsil, sanapite m'mbali: "Lachiwiri likubwerali ukangolowetsa chimodzi, uvule magolovesi ubwerere kokoka makoka." Ndinamumvera chisoni Ebo, chifukwa pagolo pokha ndi pamene ankadziona ngati munthu.

Lachiwiri sitipita panyanja, choncho tauni yonse inakhamukira kubwalo. Ebo anatuluka m'nyumba mwaphuma, khomo n'kulisiya pululu. Mbuzi za aneba zinalowa n'kudya mtanda wonse wa chimanga umene mayi ake, Maame Ekuwa, anausasitsa masiku atatu kuti aphikire kenke, chakudya chathu chofanana ndi nsima.

Mpira uli mkati, tinangoona mayiwo atulukira kuseri kwa golo, mthiko uli m'manja.

"Ebo! Iwe Ebo! Ndimakuuza chiyani tsiku ndi tsiku? Tseka chitseko!"

"Maame, chonde, tikakambirana kunyumba!"

"Kunyumba kukatani, poti zalowa kale? Tseka chitseko, mwana wopanda makutu iwe!"

Ife tinati mayi abwera kudzachemerera mwana wawo. Ndinagunda ng'oma, anzanga n'kulandira mawuwo, posakhalitsa bwalo lonse linali kuimba. Kaya anali mantha a mthiko umene unali kumsana kwake, kaya chiyani, tsiku limenelo Ebo anagwira chilichonse, ndi penate yomwe. Magolovesiwo anakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri.

Maame Ekuwa sanaivomereze nyimboyo. "Ine ndinkanena za mbuzi," ankatero mpaka kukalamba.

Atamwalira chaka chatha, tinapita kumaliro ndi ng'oma zathu, tikuimba nyimbo ija motsitsa. Ebo, imvi zili mbuu, anaima pakhomo lomwe lija, anthu akulowa ndi kutuluka. Atamva dzina lake anagwira chitseko, kenako n'kuchisiyanso.

"Lero lokha mundikhululukire, Maame," anatero akugwetsa misozi. "Ndikatseka, anthu anuwa alowera pati?"