Kabati ya Pabalaza

A Elifasi anagwanso Lachiwiri m'mawa. Anapunthwa pa katebulo ka pabalaza, chipumi n'kung'ambika. Chiwaphereni maso matenda a shuga, aka kanali kachitatu.

"Basi, ndizingokhala kuchipinda," anatero a Elifasi pamene akazi awo, a Marita, ankawapukuta magazi.

A Marita ankadziwa kuti munthu amene anayenda wapansi zaka makumi atatu kukaphunzitsa ku Nsaru akangozolowera bedi sadzatulukanso. Anapemphera mwachidule, n'kumangitsa chitenje.

Timatebulo anagawa. Mipando iwiri ya sofa inapita pa ngolo kunyumba ya abusa. Kabati yokha, mphatso ya paukwati wawo, anayamba aiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaipereka kwa a Jenipher, mnzawo wa Chigwirizano.

Loweruka mwana wawo Vainess atafika kuchokera ku Lilongwe, anaima pakhomo n'kuseka.

"Amayi, mwaberedwa kodi? Koma mwakongola. Kutauni zimenezi amati minimalizimu."

"Ndi mpingo watsopano?"

"Ayi, ndi Chingerezi. Kukhala ndi katundu wochepa mwadala. Ena amachotsa zonse."

"Osati zonse," anatero a Elifasi ali kuchipinda. "Amasiya zofunika. Chingerezi chimenecho unaphunzira kwa ndani?"

"Kwa inu, ababa. Tulukani, njira yayera."

Anatuluka pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja lamanzere, koma silinagwire kanthu. Anaima pakati pa balaza, n'kuyamba kulowera kukhoma.

"Khomo lili kuti? Ndinkagwira kabati, n'kuponda kanayi."

Vainess anati awagwire mkono. Amayi ake anamuletsa ndi maso, n'kuvala nsapato.

Kuitanitsa chinthu chimene unapereka kale n'kochititsa manyazi, ndipo njira yonse a Marita ankasowa poyambira. Anapeza kabati ili pakhonde, yofunditsidwa nsalu.

"Sindinaikemo kanthu, mayi a Vainess," anatero a Jenipher. "Ndinaona mmene munkaiyang'anira."

Anainyamula amayi atatu, akupumira m'njira, n'kuikhazika pomwe miyendo yake inasiya zipsera pa simenti.

A Elifasi anaipapasa mpaka kupeza ngodya yake. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Dzuwa linawawomba kumaso.

"Nanga masofa aja tikatengenso?" anafunsa Vainess.

"Akhale komweko," anatero a Marita. "Abambo, bwererani muyambirenso. Mawa kuli tchalitchi."