Mkono wa m'Botolo

"M'kalasi mwanga simufunika wondiyang'anira," anatero a Pulofesa m'chipinda chomwera tiyi. "Ine amandionerera ndi akufa, ndipo palibe anadandaulapo."

Mayi wophunzitsa za mafupa anangotakasa tiyi wake. Pasukulu ya udokotalayo aphunzitsi anali atagwirizana kuti aziloweranako m'kalasi, wina kuona mmene mnzake akuphunzitsira. Onse anavomera, kupatula a Pulofesa.

Mayiyo analowabe m'chipinda cha mitembo, n'kukhala kumbuyo. Munkazizira, fungo la mankhwala likuwawa m'maso. Patebulo lililonse panagona munthu wofunditsidwa nsalu yoyera, mkono wokha uli panja, chikhatho chotambasula ngati akupempha kulankhulapo.

A Pulofesa anakweza botolo lawo lakale. Munali mkono umene akhala akuphunzitsira chiyambire ntchito. "Mtsempha waukulu wa magazi umadutsa pamwamba apa. Mkatimu mulibe choopsa, dulani mosaopa."

Ophunzira anayang'ana mikono ya pamatebulo awo, kenako pansi. Pamkono uliwonse mtsemphawo unali mkati, momwe ankati mulibe choopsamo. Koma munangoti zii, osadziwika wamoyo ndani, wakufa ndani.

Ana atatuluka, mayiyo anati, "Akuluakulu, odandaula anu alipotu. Kungoti alibe mawu." Anayenda nawo tebulo ndi tebulo. "Mwini mkono wa m'botolowu anabadwa mosiyana ndi anzake. Ana amenewa mawa akadula anthu amoyo."

"Nanga iwowo osanena bwanji?"

"Amakuopani kuposa mitembo."

Pomwepo mkono wina unatsetsereka patebulo, n'kuwakhudza pajekete. A Pulofesa anauma thupi. "Tebuloli n'lopendekeka," anatero. Mayiyo analiyang'ana. Linali bwinobwino.

M'mawa mwake a Pulofesa anaitana aphunzitsi onse ndi ophunzira. Anaima pakati pa matebulo, n'kuvula magalasi.

"Ndili nanu ngongole," anauza ogonawo. "Mwakhala mukundionetsa, ine maso ali pabotolo. Pepani." Anatembenukira ana aja. "Zadzulo zija fufutani. Bwerani muone pamene mtsemphawu umadutsadi."

Kenako anakoka mpando, n'kuuika kumbuyo. "Mayi, uwu ndi wanu, muzibwera. Inenso ndibwera m'kalasi mwanu. Koma wangawo mundiikire kutali ndi tebulo lija."

Phunziro: Diso silidziona lokha. Mphunzitsi wokana kuonereredwa ndi mnzake amalakwitsa mwaulemu wake zaka ndi zaka, olipira n'kukhala odwala.