Kadontho ka Buluu ku Kanyama

Madzi anali atafika m'mawondo pamene ndinakankha chitseko cha kwathu ku Kanyama. Amayi ndinawapeza atakhala pabedi limene analikweza pa mabuloko, mbale yovindikira ili pamiyendo. Makala ankayandama pakati pa nyumba. Kudenga anali atatsomekako zimene sankafuna kuti zinyowe: mabulangete, thumba la ufa, ndi ambulera yaikulu ya buluu imene mlongo wanga Wilbroad anawatumizira.

"Afika?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkaliona ndi maso.

"Ali ku Matero, kuli uja musikana wake wa mu saluni," anatero. "Umuziba mulongo wako."

Wilbroad anali atatha chaka ku Solwezi akumanga nyumba za eni. Tsiku limene anabwerera ndi limene mvula inagwa ngati yatumidwa. Masana ake ananditumizira mawu pafoni akuseka, kuti minibasi yawatsitsira kutali chifukwa msewu wasanduka mtsinje, ndiye adzera kuseri kwa tchalitchi, njira yathu ya paubwana. Kuyambira pamenepo foni yake inangoti zii. Ku Matero ndinali nditapitako kale. Norah wa mu saluniyo anali asanamuone, ndipo ankalira kuposa ife abale ake.

"Mami, anakamba kuti azapitila kumbuyo kwa chechi."

Amayi anayang'ana mbale ija. "Kuja kulibe vinthu. Ni mwala chabe."

Ndinawakhulupirira, chifukwa malowo ndinkawadziwa: thanthwe lalikulu losalala pamene tinkaseweretsa mpira wa mapepala. Kungoti ine ndinali nditasamukira kwa azakhali ku Mtendere chifukwa cha sukulu, ndipo kwathu ndinkabwera Lamlungu, podzera msewu waukulu. Kunja ndinkamva a Chisala, aneba athu, akuitanizana ndi amuna anzawo. Ankapisa mitengo italiitali m'ngalande za m'mbali mwa msewu, kufunafuna Wilbroad.

Munthu wa ku Kanyama, madzi akadzaza, sayenda ndi maso. Amayenda ndi zimene phazi likukumbukira: apa pali ngalande, apo chitsime chosavindikira, uko chimbudzi chakale. Wilbroad ankadzitama kuti komboni yonse angaidutse atatsinzina, ndipo sikunali kunama.

M'mawa mwake ndinapita kuntchito, poti kukhala kunkandipweteka kuposa kuyenda. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ntchito pa ofesi ina m'tauni, kumene tinkayang'ana zithunzi za dziko zojambulidwa ndi masetilaiti. Ndinkanyada nayo ntchitoyo, ndisaname. Ndinkaona mitambo ikusonkhana kumpoto ndi kuuza anzanga kuti anule zovala mvula isanaganize n'komwe zobwera. Ukaiona kuchokera kumwamba, Lusaka ndi mzinda waukhondo. Sununkha, ndipo palibe amene akulira.

Mkulu wathu, a Mpundu, anali munthu wolankhula ndi kompyuta kuposa ndi anthu. Tsiku limenelo anandiyang'ana kumaso.

"Cathrine, ungayende ku nyumba. Tizamvetsa."

"Niyikileni Kanyama ya lelo, ba Mpundu."

"Ya lelo ni makumbi yekayeka."

Anatsegula chithunzi cha setilaiti ina imene imapenya ngakhale kuli mitambo, koma madzi imawaonetsa akuda. Kanyama yense anali bii, madenga okha ali mbuu apa ndi apo ngati mchere wotayikira pa chiwaya. Penapake mumdima umenewo munali mlongo wanga, ndipo ndinadana nacho chithunzicho chifukwa cha bata lake.

"Ichi sichingakuonetse muntu," anatero a Mpundu motsitsa mawu.

"Sinifuna muntu. Nifuna pansi. Nionetseni pamene kunalibe manzi."

Anandipatsa zithunzi ziwiri za chilimwe, china chojambulidwa Wilbroad asananyamuke, china cha Okutobala wapitayo. Ndinapeza denga la tchalitchi, ndi kutsetsereka kuseri kwake. Pa chithunzi choyamba thanthwe linali lonse, kanjira koyera kakudutsa pakati pake monga ndinkakadziwira. Pa chachiwiri kanjirako kanaduka. Pamene kankadutsa panali dzenje lalikulu ngati nyumba, m'mbali mwake muli milu ya miyala yoyera, ndipo mapazi a anthu anali atapanga kanjira katsopano kolizungulira. Aliyense wa m'komboni ankadziwa kukhota pamenepo, kupatula munthu amene anachoka dzenjelo lisanakumbidwe.

Pamphepete pa dzenjelo panali kadontho ka buluu.

Kadonthoko ndinakazindikira: inali ambulera ija. Amayi ndi ophwanya miyala, ndipo nyundo yawo ndi imene inatilera. Amawotcha matayala akale pa thanthwe kuti ling'aluke, kenako amakumba, kuphwanya, ndi kuunjika milu yogulitsa kwa omanga nyumba. Ndinkadziwa kuti malo awo akale mwini pulotiyo anawatchinga ndi mpanda. Sindinafunsepo kuti anasamukira kuti. Ndinkangolandira chakudya Lamlungu ndi kuwaseka kuti ambulera ya mwana wawo akuisunga ngati ya ukwati.

"Waona chani?" anafunsa a Mpundu.

"Mugodi," ndinayankha. "Niyikileni mu foni."

A Chisala atachiona chithunzicho anagwira pakamwa. Anaitana amuna aja, ndipo tinayenda motsatira khoma la tchalitchi, madzi ali m'chiuno, ine foni ndili nayo m'mwamba. Pamwamba pa madzi panalibe chizindikiro chilichonse, matope okhaokha ndi mabotolo oyandama. Mtengo woyamba unagunda mwala. Wachiwiri unagundanso mwala. Wa a Chisala unalowa wonse mpaka dzanja lawo linamira.

Mlongo wanga anamutulutsa dzuwa likupendeka. Nsapato anali atazimangirira m'khosi kuti zisanyowe, ndipo chikwama chinali chidakali kumsana, chodzaza ndi nyundo, matchizulo ndi zida zina zomangira. N'chimene chinamukanikiza pansi. Azimayi amene ankakumba limodzi ndi amayi anaima patali, zitenje atakwinyira m'mwamba, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatchula kuti dzenjelo ndi la yani.

Maliro tinakachitira ku Mtendere, chifukwa kwathu kunalibe pouma pokhala anthu. Ndinali nditawakwiyira amayi, ndipo ndinkachita manyazi ndi mkwiyo umenewo. Ankadziwa kuyambira pamene ndinatchula tchalitchi. Anasankha Matero chifukwa ku Matero mwana wawo anali wamoyo. Ndinalumbira mumtima kuti chithunzicho sadzachiona.

Olira atayamba kubalalika, anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene azakhali amatsukira mbale.

"Bakamba kuti unamupeza na chithunzi cha kumwamba."

"Ni va nchito chabe, Mami."

"Nionetse."

"Simuzaonapo kanthu. Ni tumadontho chabe."

"Cathrine. Nionetse."

Ndinawapatsa foni. Anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi nkhope, monga amagwirira buku la nyimbo. Tchalitchi anachipeza okha. Chala chawo, chong'aluka ndi miyala, chinatsata kanjira koyera kaja pang'onopang'ono mpaka pamene kanadukira, ndi kuima pa kadontho ka buluu.

"Apa nine," anatero. "Ninali pansi pake."

Ndinawerama kuyang'ana pamene panali chala chawo.

"Kunali kupya siku ija. Ninakamba kuti mwana wanga aniganizila, anitumila mutunzi." Anakweza maso. "Ichi chintu chinaniona nikukumba?"

"Chimajambula chabe, Mami. Chipita pamwamba, chajambula, chapitilila."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za mlendo wopanda ulemu. Kenako anayesa kukulitsa chithunzicho ndi zala, monga ankaonera ife tikuchitira, kuti aone munthu amene anali pansi pa ambulerayo. Kadontho kaja kanakula, kanafalikira, mpaka foni yonse inangokhala buluu wopanda nkhope. Amayi anapitirizabe kukoka ndi zala zawo.