Mapiritsi Ofiira a Kusikelo

Edna anatsika minibasi pa Sharpevale ali ndi timapepala tiwiri ta mankhwala m'chikwama. Amuna ake, a Cosmas, ankamudikira pamthunzi ndi njinga. Pakaliyala anali atamangapo pilo, chinthu chimene sanachitepo pa zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wawo wopanda mwana.

Zonse zinayamba ndi dothi. Pokolola mpunga ku Bwanje, alamu ake a Ida anamupeza akubenthula chulu n'kumadya. Anaonanso kuti akumatopa msanga, m'manja mwayera, ndipo akadya amadandaula chilungulira.

"Mwana wa tsitsi lambiri ameneyo," anatero a Ida akuseka. Dzuwa lisanalowe, mawuwo anali atafika kwa a Cosmas. Edna sanatsutse. Nayenso anali atayamba kukhulupirira.

Kuchipatala cha ku boma anamuuza kuti pakati palibe, koma magazi achepa kwambiri. Anamutumiza kuchipatala chachikulu mumzinda. Kunyumba Edna anangonena kuti madokotala akufuna akamuunike. Kumeneko anamulowetsa kachingwe ka kamera pakhosi, kenako adokotala anajambula chithunzi m'buku lake la kuchipatala.

"Apa pali mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, mayi. Chifu chanu chadutsa pabowo ili n'kukwera m'chifuwa. Pomwe chikukhulika pali tizilonda totaya magazi pang'onopang'ono. Dothi mukulilakalaka chifukwa cha kuchepa magaziko."

Anati ayambe ndi mapiritsi: ofiira owonjezera magazi, ndi ena ochepetsa asidi m'chifu. Azidya pang'onopang'ono, asamawerame atangodya, ndipo bedi alikweze kumutu ndi njerwa. Magazi akapanda kukwera pa miyezi itatu, adzaganizira za opaleshoni yobweza chifucho pamalo pake.

"Mukakambirane ndi abambo. Padzafunika wokudikirirani."

Edna anamvetsera ngati mmene munthu amamvera wailesi ya nyumba ina.

Panjira yochokera pa Sharpevale paja, a Cosmas ankapalasa mosamala, akuzemba timabowo tonse. Atafika, a Ida analanda chikwama kuti amuthandize, kapepala kamodzi n'kugwa.

"Ofiirawa si a kusikelo awa? Ine ndamwa amenewa kanayi. Achimwene, yambani kufunafuna beseni."

A Cosmas anayang'ana kumbali kuti asaonetse mano.

Edna analowa m'nyumba n'kukhala pabedi. Anadikira kuti misozi ibwere. Sinabwere. Amuna ake atalowa ndi kapu ya madzi, anawatambasulira buku lija.

"Abambo, mulibe mwana m'mimbamu. Ndi chifu chachoka pamalo."

A Cosmas analandira bukulo, analitembenuza, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga dothi lija?"

"Kuchepa magazi."

"Koma mapiritsiwo ndi omwe aja a amayi oyembekezera."

"Ndi omwewo. Amaperekanso kwa ife."

Nkhuku inalowa, inazungulira, n'kutuluka. Edna anafotokoza zonse mwandondomeko, za asidi, za miyezi itatu, za opaleshoni, mawu ake ali phee ngati akunena za matenda a munthu wa kumudzi wina. Atamaliza anati, "Ngati mwatopa nane, nenani lero lomwe."

A Cosmas anaika bukulo patebulo n'kutuluka. Edna anamva mapazi awo akuzungulira kuseri, komwe kunali mulu wa njerwa zimene anagula mwezi watha kuti awonjezere chipinda.

Anabwera atanyamula njerwa zinayi.

"Taimirirani, mayi."

Anakweza bedi ndi phewa, n'kulowetsa ziwiri mwendo uwu, ziwiri mwendo uwo. Analigwedeza kuti aone ngati lakhazikika.

"Tagonani tione. Zakwana, kapena ndiwonjezere?"

Edna anagona chagada, maso ali kumalata.

"Zakwana."

Panja a Ida ankauza mnzawo wodutsa kuti chaka chino pakhomo pano pakhala phokoso. M'nyumba a Cosmas anatenga kapepala ka mankhwala kaja, anatulutsa piritsi limodzi lofiira, n'kumupatsa Edna pamodzi ndi madzi.