Batani Lofiira la Foni ya Mzime

Fungo la pafyumu ndilo linayamba kulowa, mwini wake n'kumatsatira pambuyo ndi kachikwama kakuda. Anali Mzime, mwana wotsiriza wa m'nyumbamo. Chisamba, mlongo wake wamkulu, anali atangomaliza kusambitsa amayi awo. Chigwereni amayiwo ndi sitiroko, imene inawapha mkono ndi mwendo wakumanja, ntchito yonse inali ya Chisamba: kuwatembenuza, kuwapukuta dovu, kuchapa zofunda zisanayambe kununkha. Mzime ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ankathera pakhomo la chipinda, kupereka moni ali chiimire, akupumira m'kamwa.

Tsiku limeneli analowa mpaka m'kati.

"Asisi, mundithandizeko. Ndikufuna kavidiyo ka amayi. Anthu onditsatira pa intaneti akhala akufunsa."

"Akufunsa amayi? Amawadziwa?"

"Awadziwa lero."

Amayi anali atatsamira mapilo, atavala diresi la kolala limene anasoka okha, kumutu kuli duku lobiriwira. Moyo wawo wonse anali telala, munthu amene sankapita ngakhale kukataya zinyalala atavala chamakwinya. Lilime litalemera ndi matenda, mawu oyamba omveka amene anauza Chisamba anali akuti, "Anthu asandione ndili mbuu." Chisamba anawagwira mawuwo ndi manja awiri. Mlendo aliyense ankadikira pabalaza mpaka duku litamangidwa.

Mzime anatsegula katani n'kukankha bedi kuti liyang'ane kuwindo. Kuwala, akuti, kuzichokera kutsogolo kwa munthu, apo ayi nkhope imada bii. Anazimitsa fani, anazimitsa wailesi, anadzipanikiza kamaikolofoni pakolala. Kenako anatulutsa kansalu kofewa, nauzira mpweya pa diso la kamera, n'kulipukuta pang'onopang'ono, mwachikondi ndithu. Kansalu kotero sikanafikepo pachibwano cha amayi.

Mnyamatayo anasuzumira mufoni n'kukwinya nkhope.

"Ayi, pakoma kwambiri pano. Ngati hotela. Angamve chisoni ndani?"

Anatuluka, n'kubwera ndi bulangete limene Chisamba ankatsekera madzi a mvula kunsi kwa chitseko chakumbuyo, lakuda ndi nkhungu, lobooka pakati. Atalikutumula munagwa mphemvu yakufa. Anachotsa nsalu yoyera n'kuwafunditsa amayi chinthucho. Anakoka ndi phazi chidebe chodzithandiziramo amayi chimene chinkabisidwa kunsi kwa bedi kuti chioneke bwino. Pomaliza anamasula duku, timatsitsi ta imvi tija n'kungoti nyankhalala.

Chisamba anathamangira kubedi.

"Iwe, chotsa nyansi zakozo! Ukuwatenga amayi ngati chiyani? Ndimachapa mpaka zala kusupuka kuti iwe udzawaveke chopondera mapazi?"

"Asisi, ndi luso limeneli, simungalimvetse."

Anali atagwira kale nsonga ya bulangetelo kuti alitayire kunja pamene amayi anatulutsa mawu.

"Mu-si-ye. Musiye mwana."

Sankayang'ana bulangete, sankayang'ana chidebe. Maso awo anali pa Mzime, dzanja lamanzere likusisita pabedi, pamalo pamene ankafuna kuti akhale. Mwana wa mzime salakwa, zimenezi Chisamba anazidziwa akali wamng'ono. Analisiya bulangetelo n'kulandira foni.

"Mugwire ndi manja onse awiri, zigongono zitsamire nthiti kuti isagwedezeke. Osakoka chithunzi ndi zala, chimawonongeka, ngati mukufuna pafupi musendere nokha. Mugogode pankhope ya amayi kuti iwale bwino. Ndikati tiyeni, mudine batani lofiirali."

Mzime anakhala pabedi. Anatenga dzanja la amayi n'kuliika pachifuwa pake, kwinaku akuwamwetsa phala limene Chisamba anaphika. Mawu anawatsitsa, akunjenjemera ngati a m'busa wa pamaliro.

"Abale anga, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine usiku sindigona chifukwa cha mayi awa…"

Msozi unatsika, weniweni, wonyezimira. Kumene anautenga, kaya. Chisamba anayang'ana kukhoma.

"Dulani!"

Dzanja la amayi analitaya ngati chikoko cha nthochi. Anapukutira zala zake pakatani, chifukwa dovu linali litamudontherapo, nadzithira mankhwala ophera majeremusi mpaka m'zigongono. Dzanja lija linatsala m'malere, lotambasula, likufufuza.

Anaonera limodzi vidiyoyo. Chonyansa koposa chinali chakuti inakongola. Kuwala kwa pawindo kunagwa bwino pa imvi zija, chiboo cha bulangete chinaoneka ulusi uliwonse, ndipo Mzime ankaoneka ngati mwana amene mayi aliyense angamupemphe kwa Mulungu. Chikomekome cha nkhuyu. Koma chapakati penipeni njinga yamoto inadutsa mumsewu n'kumeza mwambi wonse uja.

"Aa, zawonongeka. Tibwereze."

"Ti-bwe-re-ze," anatero amayi, msangamsanga, mbali yamoyo ya pakamwa pawo itakwera m'mwamba.

Ulendo wachiwiri Chisamba sanayang'ane kukhoma. Anayang'ana mufoni, pankhope imene anauzidwa kuti aigogode. Kamera yabwino sibisa kanthu. Anaona chala cha amayi chikusisita chala cha Mzime. Anaona akumeza phala mosavuta, iwo amene masiku onse ankalibweza mpaka iye kuwanyengerera ngati khanda. Anaona akutsamiritsa mutu paphewa la shati yositidwa ija, atatseka maso. Iwo sankachita sewero. Ndipo zonse zinkayenda bwino, kunja kuli zii, mawu akumveka mbee. Mzime akangoti dulani, alongedza kachikwama kake, ndipo chipinda chino adzachiponda liti, palibe akudziwa.

Chisamba anatsokomola. Chifuwa chachikulu, chochokera pansi pa mtima, pafupi ndi foni.

"Asisi!"

"Pepa. Ndi nkhungu ya bulangete lakoli."

Anabwereza. Ulendo uno chala chake chinaphimba theka la kamera. Wotsatirawo Mzime anatuluka wopanda mutu, thunthu lokha likulalikira za chikondi cha mayi. Wina uja chigongono chinaterereka, vidiyo n'kuthera padenga.

"Koma manja anuwa ndi a munthu kapena a nkhuku? Mwana wa sukulu amajambula bwino kuposa inu!"

"Ndine mbuli, achimwene. Undiphunzitse bwinobwino."

Mzime ankatukwanira m'mano, kupukuta thukuta, kukhalanso pabedi, kutenganso dzanja lija. Misozi inamuthera, anayamba kuifinya. Phala linatha m'mbale, Chisamba anakawonjezera lina, amayi n'kulimalizanso. Iye ataima potero, mikono ikuwawa, sankadziwa chimene chikumunyansa kwambiri: mlongo wakeyo, anthu osawadziwa amene adzadye nkhomaliro akuonera chidebe cha amayi ake, kapena iye mwini, amene tsopano anali m'gulu la seweroli.

Dzuwa linayamba kuchoka pabedi n'kukwera khoma.

"Komaliza aka. Chonde asisi, ndakugwirani mwendo."

Kameneka kanayenda bwino kuposa onse. Mzime sanaphonye liwu, anapsompsona amayi pachipumi, anawakumbatira nthawi yaitali monga mmene anakonzera. Chisamba anaigwira foni osagwedezeka ngakhale pang'ono, chala chili pambali pa batani lofiira, osalikhudza.

Mzime anafufuza mufoni, kukwera, kutsika.

"Ili kuti?"

"Kodi sinalowe? Ndiye kuti sindinadinitse."

Mzime anamuyang'ana ngati amumeze. Anayang'ana kuwindo. Kuwala kunali kutapita, ndipo babu la m'chipindamo, anatero yekha, limasandutsa anthu achikasu.

"Ndibweranso mawa nthawi ngati yomweyi. Bulangetelo musalichape."

Anadzithira mankhwala ake aja, natuluka osatsanzika.

Chisamba anakankhira chidebe kunsi kwa bedi. Anathothola katani kuti akainyike. Anabweretsa beseni la madzi ofunda ndi nsalu yoyera, n'kugwira bulangete lija ndi nsonga za zala kuti alichotse. Linakana. Amayi anali atalifumbata ndi dzanja lawo lamoyo.

"Amayi, likununkha ili. Ndikufunditseni choyera, ndikumangeni duku lanu."

Analisiya pang'onopang'ono, koma maso analiperekeza mpaka pampando pamene analiponya. Chisamba anawapukuta kumaso, natenga duku lobiriwira lija n'kuyamba kulizunguliza kumutu. Amayi anamugwira pamkono, akulimbana ndi lilime lawo.

"Ma-wa," anatero. "Mawa usa-ndi-mange. Mwa-na sa-li-fu-na."