Mwana wa Kilibeni

Fyness anakula akudziwa kuti bambo ake, a Albert, anali mwana wa mzungu. Ku Luchenza nkhaniyi sinkachita kufunsa, khungu ndi tsitsi zinkanena zokha. Mzunguyo anali Desmond Kilbane, makaniko pa fakitale ina ya tiyi ku Thyolo, amene anthu ankangomuti Kilibeni. Anachoka mu 1960, mwana ali ndi zaka ziwiri, atalonjeza mayi a mwanayo kuti abweranso mvula ikatha. Anangosiya chithunzi cha kanyumba kamiyala kofolera ndi udzu, kuseri kwake kuli mawu ofufutika.

Fyness atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Wolverhampton, kutsidya kwa nyanja, a Albert anamupatsa chithunzicho pa bwalo la ndege ku Chileka.

"Kanthu kawo sindikukafuna ayi," anatero. "Ndingodziwako kuti munthu ameneyu kwawo kunali kuti."

Chaka choyamba chinathera m'mashifiti ndi m'mabasi. Chachiwiri, Dorica, mnzake amene ankakhala naye nyumba imodzi ku Whitmore Reans, dera lina la mumzindawo, anamuuza kuti masiku ano umangolavulira m'kabotolo, n'kutumiza pa positi, akatswiri n'kukuuza abale ako. Fyness anayesa. Patapita mwezi ndi theka analandira uthenga kuchokera kwa mayi wina wa ku Birmingham, dzina lake Kate. Makina ankati awiriwa ndi pachisuweni.

Anakumana pamalo ena omwera tiyi pafupi ndi siteshoni. Kate, mphunzitsi wa zaka makumi asanu, anangoti amuone n'kugwira pakamwa.

"Chibwano chimenecho ndi cha agogo," anatero, misozi ili mbwembwembwe.

Desmond anali agogo ake a Kate, bambo wa mayi ake, a Joanna. Desmond anabwera ku Birmingham kuchokera ku Ireland ali kamwana, atagwira dzanja la mayi ake amasiye, ndipo mpaka imfa yake sanatchulepo mudzi umene anabadwira. Kate anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akuufufuza. Mapepala onse ankangoti Mayo, dera lalikulu la ku Ireland kumene a Kilbane ali mbwee. Panalinso chimene Fyness sankadziwa: pamene Desmond ankapita ku Nyasaland, kuno n'kuti atasiya mkazi ndi mwana.

Fyness anatulutsa chithunzi chija. Kate anachitembenuza, nachiyandikiza pawindo, n'kuwerenga pang'onopang'ono.

"Cloonbrack. Mulungu wanga! Awa ndi malembo a mayi awo a agogo."

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse limene Fyness sanali pa ntchito linali la kufufuza. Ankakwera sitima kupita ku laibulale yaikulu ya ku Birmingham, kumene awiriwa ankaunika mabuku akale a ubatizo ndi kalembera. Maso a Kate ankatopa msanga, choncho ndi Fyness amene anapeza ubatizo wa Desmond, ukwati wa makolo ake, mpaka mlongo wake amene anakwera chombo cha ku Amereka osabweranso. Anayenda limodzi m'misewu ya ku Small Heath, mumzinda momwemo, kufuna nyumba imene mayi wamasiye uja ankachita lendi. Anaipeza ili sitolo yogulitsa nyama. Kate ankamuitana kuti msuweni, ndipo anabwereka chithunzi chija kuti akachikulitse.

"Nanga azakhali ndidzawaona liti?" Fyness ankafunsa.

"Posachedwa. Ndikuwakonzekeretsa pang'onopang'ono."

Lamlungu lililonse Fyness ankaimbira bambo ake n'kuwauza zonse. A Albert anagula kope lolembamo mayina. Atamva kuti ali ndi mlongo wamoyo, anakapemphetsa Misa yothokoza.

M'mwezi wa Marichi Kate anaitanitsa mtundu wonse wa a Kilbane ku holo ya tchalitchi china ku Erdington. Fyness anasinthana shifiti ndi Dorica, nasoketsa diresi ya chitenje, nagula maluwa a azakhali ake.

Muholomo munali anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Pakhoma panali chinsalu chachikulu chojambulidwa ngati mtengo, mayina a makolo kumizu, ana ndi zidzukulu kunthambi, chithunzi cha kanyumba kaja chili pamwamba penipeni. Fyness anayandikira, natsatira ndi chala kuchokera pa Desmond. Joanna. Patrick. Bernadette. Anabwereranso, poganiza kuti mwina wadumpha mzere. Dzina la Albert panalibe.

Asanatembenuke n'komwe, anamva Kate akulankhula pa chimkuzamawu.

"Ndithokozenso mnzanga Fyness, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Wandithandiza kwambiri kuwerenga mapepala akale."

Anthu anaomba m'manja. Bambo wina anamumwetulira n'kumufunsa ngati kuntchito kwawo kuli malo, poti apongozi ake ayamba kuiwalaiwala.

Fyness anamupeza Kate kukhitchini akudula keke.

"Bambo anga ali pati pa chinsalu chija?"

Kate sanadzutse mutu. "Ndimati ndikuuze. Amayi ali ndi vuto la mtima, Fyness. Sakudziwa chilichonse. Nkhani imeneyi ikhoza kuwapha."

"Miyezi isanu ndi itatu ukundiuza kuti ukuwakonzekeretsa."

"Chonde, lero lokha. Tidzakambirana."

"Mudzi umene mukuwuvinira lerowu unaupeza m'chikwama mwanga."

Kate anapitiriza kudula keke. Fyness anatuluka. Akudutsa pakhonde kuti akatenge jekete lake, mayi wina wokalamba amene anakhala pampando pafupi ndi chitseko anamukola ndi ndodo pa mwendo. Fyness anayang'ana nkhope ija. Inali nkhope ya bambo ake.

"Ndiwe wa kwa Albert," anatero a Joanna, osafunsa.

"Mukumudziwa?"

"Makalata ankabwera kawiri pachaka, mpaka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankawalembera mayi ake a Albert ndi mphunzitsi wina wa kumeneko. Ina inali ndi chithunzi cha mnyamata atavala yunifomu. Amayi ankawawerenga n'kuwaponya pamoto, bambo ali pomwepo akuwerenga nyuzipepala." Anakhosomola. "Kate anandiuza za iwe tsiku lomwe munakumana. Ndinamuuza kuti apitirize kufufuza za mudziwo, koma ine ndili moyo dzina limenelo lisalembedwe. Amayi anavutika mokwana."

"Nanga agogo anga aakazi? Anamwalira osakwatiwanso, akudikira."

"Zimenezo si za ine, mwanawe."

Fyness anayang'ana maluwa amene anali m'manja mwake. Anawaika pansi, pafupi ndi ndodo ija. Analowanso muholo, napita pa tebulo pamene Kate anayalapo mapepala akale kuti anthu aone, natenga chithunzi chake chenicheni, anthu akuyang'ana. Palibe anamuletsa.

M'sitima yobwerera ku Wolverhampton foni inalira kanayi. Anali a Albert. Sanayankhe, ndipo sabata yonse ankangolemba kuti ntchito yachuluka. Kate naye analemba mauthenga ataliatali, opepesa ndi ofotokoza. Fyness anawerenga woyamba wokha.

Lamlungu lotsatira, atachoka ku tchalitchi, anakhala pa masitepe a nyumba n'kuimba. Anali atakonza bodza labwino, loti azakhali anadwala ndipo sanabwere. Koma atamva mawu a bambo ake, ananena zonse mmene zinayendera, osasiyako kanthu.

Kumbuyo kunkamveka wailesi ndi nkhuku.

"Ndiye kuti makalata aja ankafika?" anafunsa a Albert.

"Ankafika, bambo."

"Amayi ankati mwina adiresi inali yolakwika. Ankagulitsa nthochi kuti agule masitampa." Anapuma mozama. "Chabwino, mwanangu. Wagwira ntchito. Lankhula ndi amayi ako."

Mayi ake atatenga foni ananong'ona kuti bambo atuluka panja opanda nsapato, alowera cha kudimba.